Kiti yokonzera sipika ya gitala ya mainchesi 12: imagwira ntchito, koma musafulumire kung'amba koni yakale

Kiti yomwe tikuiunika pano ndi ija amaigulitsa pa intaneti ndi dzina loti recone kit, yopangidwira masipika a gitala a mainchesi 12 okhala ndi koyilo (waya wokulungidwa womwe umasuntha koni, pepala lotulutsa mawu lija) ya mainchesi 1.75. Umenewu ndi msinkhu wa masipika a Celestion a mtundu wa G12 omwe amapezeka m'makabati (mabokosi a masipika) akale a Marshall 1960A ndi 1960B, a masipika anayi aja. Si kiti ya kufakitale ya sipikayo ayi, ndi ya makampani ena omwe amapanga zofanana nazo. Imabwera m'mitundu iwiri: ina koni, koyilo ndi spider (kansalu kogwira koyilo) zimakhala zomatidwa kale pamodzi, ina chilichonse chimabwera pachokha ndipo womanga ndinu.

Chigamulo chathu n'chakuti kitiyi imabwezeretsadi moyo m'sipika yomwe koyilo yake inapsa kapena koni yake inafumbutuka, bola felemu ndi maginito zikhale zabwinobwino. Koma imabwera ndi zinthu ziwiri zofooka, guluu ndi ma shim (timapulasitiki togwira koyilo pakati pamene guluu akuuma), ndipo kapepala ka malangizo sikanena chinthu chofunika kuposa zonse: masipika ambiri omwe anthu amawang'amba sankafunika kung'ambidwa.

M'katoni mumapezeka koni ya pepala yamizeremizere, koyilo, spider yomwe ndi kansalu kachikasu kamakwinya kogwira koyilo kuti ikhale pakati, kachipewa kotchinga fumbi pakati pa koni, gasket ya m'mphepete yodulidwa zidutswa zinayi, mawaya awiri oluka ochoka pa koni kupita pa ma terminal (polumikizira mawaya ochokera ku ampu), timapepala tapulasitiki ta shim, ndi tibotolo ta guluu. Koni ndi spider n'zabwino ndithu. Pepala ndi louma bwino, lopepuka, ndipo m'mphepete mwake mumakwana pa felemu ya G12 popanda kudula. Gasket nayo palibe chodandaula.

Musanaitanitse, pimani

Kabati yakale ikamalira moipa, chokayikira choyamba sichikhala sipika. Chogwirira cham'mbali chikamasuka chimanjenjemera, thabwa lakumbuyo likapanda kumangidwa bwino limagunda pa mtengo wapakati uja, nsalu yakutsogolo ikalefuka imamenya thabwa la masipika, ndipo jaki yadzimbiri imadula mawu mwa apo ndi apo. Zonsezi zimamveka ngati sipika yafa. Njira yosiyanitsira ndi kutulutsa sipika m'kabati n'kuiyesa payokha.

Chotsani waya mmodzi pa sipikayo kuti isawerengedwe pamodzi ndi zinzake, kenako ikani mita yopimira magetsi pa ma ohm. Sipika yolembedwa ma ohm 8 imawerenga pakati pa 5.5 ndi 7, ya ma ohm 16 imawerenga cha pakati pa 11 ndi 14. Izi n'zoyenera, chifukwa mita imapima ndi magetsi a DC pamene nambala yolembedwayo ndi ya pamene sipika ikuimba. Mita ikapanda kuwerenga chilichonse ndiye kuti penapake paduka. Apa ndi pomwe ambiri amathamangira kiti, chonsecho malo oduka kawirikawiri ndi waya woluka uja, mwina pa terminal kapena pomwe walowera mu koni. Gundani mita pa waya woluka pafupi ndi koni penipeni. Ikawerenga pamenepo, koyilo ili moyo, ndipo ntchito yonse ndi kusintha waya ndi kuwotcherera, mphindi 20 basi. Mita ikawerenga yotsika kwambiri, monga ma ohm 3 pa sipika ya 8, ndiye kuti vanishi wa pa waya wa koyilo anasungunuka ndipo mizere ina yakhudzana. Imeneyo yapita.

Kenako yalani zala mozungulira kachipewa kapakati, kankhani koni pang'onopang'ono molingana mbali zonse. Iyenera kulowa ndi kubwerera mwakachetechete. Mukamva kukhwekhwereza, koyilo ikukhula pa chitsulo. Batire la ma volt 1.5 mukaligunditsa mwachidule pa ma terminal liyenera kutulutsa kaphokoso koyera koti thu, ndipo koni iyenera kusuntha momasuka.

Kukhula kumeneku kuli ndi zifukwa zinayi, ndipo kiti imathetsa chimodzi chokha. Choyamba ndi zinyalala kapena dzimbiri mu mpata momwe koyilo imayendamo. Izi zimatheka pochotsa kachipewa kokha n'kutsuka. Chachiwiri ndi felemu yopindika chifukwa chomangidwa mopitirira muyeso pa thabwa lokhota. Mukamasula masikuluu kukhulako kumatha kokha. Chachitatu ndi koyilo yotupa kapena yosombokera chifukwa cha kutentha, ndipo iyi ndiye ntchito ya kiti. Chachinayi ndi chitsulo chapakati pa maginito chomwe chasuntha kabati itagwa. Zikatere mpata umapanikizika mbali imodzi, nthawi zina koyilo imagwidwa osasunthanso. Musataye ndalama pa kiti. Kukonza zimenezi kumafuna makina ochotsa mphamvu ya maginito, kuwongola chitsulocho, kumata ndi kubwezeranso mphamvuyo, ndipo makina otere sapezeka pa benchi la wokonza wamba. Maginito a ceramic akang'aluka n'chimodzimodzi.

Nanga koni yong'ambika? Ngati kung'ambikako n'kwa masentimita 3 kapena 5 ndipo kuli pakati pa khosi (pomwe koni imakumana ndi koyilo) ndi m'mphepete, matani. Sungunulani guluu woyera wa matabwa ndi madzi mulingo wofanana, lumikizani milomo ya pong'ambikapo, yalani kapepala kopyapyala kofewa kumbuyo ndi kutsogolo, pakani ndi kaburashi, siyani usiku wonse. Sizioneka bwino, koma mawu amakhala omwewo. Tikunenetsa zimenezi chifukwa mawu a sipika yakale amachokera kwambiri mu koni yake. Masipika a G12M a m'zaka za m'ma 1960 ankakhala ndi makoni a kampani ya Pulsonic, omwe anasiya kupangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo amadziwika ndi manambala odindidwa pa pepala monga 102 003. Koni yotere mukaidula simudzaipezanso, ndipo mtengo wa sipikayo umatsika tsiku lomwelo. Sipika yokhala ndi chigamba koma koni yake yoyambirira imaposa yovalitsidwa koni yatsopano yokongola.

Kusankha kiti yoyenera

Ogulitsa amalemba kuti kiti imodzi imakwana masipika ambirimbiri. Kukwana pa felemu n'kwina, kufanana mawu n'kwina. Yambani ndi nambala ya sipika yanu. Pa Celestion pamakhala nambala yoyamba ndi T yodindidwa pa felemu kapena pa gasket. T1221, mwachitsanzo, ndi G12M ya ma ohm 16. Pa masipika a ku America a m'ma ampu a Fender, nambala zitatu zoyambirira zimatchula wopanga: 220 ndi Jensen, 465 ndi Oxford, 137 ndi CTS, 328 ndi Utah. Masipika amenewa ali ndi makoyilo a misinkhu ina, ndipo kiti ya 1.75 siwakwana ambiri a iwo.

Funsani zinthu zinayi. Ma ohm a koyilo afanane ndi a masipika ena a m'kabatimo. Koni ikhale ya mtundu womwewo, chifukwa G12 inkapangidwa ndi koni ya 75 Hz ya gitala ndi ya 55 Hz ya besi, ndipo ziwirizi sizilira mofanana. Kachipewa kakhale kamsinkhu womwewo, poti kachipewa kakakulu kamafewetsa mawu apamwamba. Chachinayi ndi chomwe waya wa koyilo wakulungidwapo. Masipika akale ankagwiritsa ntchito pepala, lomwe ndi lopepuka koma silipirira kutentha. Makiti ambiri a masiku ano amabwera ndi Kapton kapena Nomex m'malo mwa pepala wamba. Izi zimalimba pa moto, ndiye kwa woimba yemwe amatsegula ampu mpaka kumapeto ndi phindu, koma amene akufuna mawu enieni akale afunse ya pepala. Kiti yosalemba kuti koyilo yake ndi ya chiyani ndi yoikayikira.

Pakati pa mitundu iwiri ija, woyamba kumene atenge yomatidwa kale. Imachotsa ntchito yovuta kuposa zonse, yoyika koyilo pa msinkhu woyenera. Kuipa kwake n'kwakuti ngati ku fakitale anaimata mopendekera, palibe chomwe mungachite. Iyimikeni pa tebulo losalala koyilo ili pansi, muyang'ane ngati m'mphepete mwa koni muli mofanana kuzungulira konse. Ngati yapendekera, ibwezeni musanapake guluu.

Ntchito yake

Musanadule kanthu jambulani sipikayo mbali zonse. Sungunulani mawaya pa ma terminal, dulani koni kuzungulira m'mphepete ndi mpeni wakuthwa, dulani spider, tulutsani zonse pamodzi. Koyilo yakale musaitaye, chifukwa ndi imene idzakuuzeni msinkhu. Nthawi yomweyo tsekani mpata ndi tepi ya pepala. Maginito amakoka kachitsulo kalikonse komwe mungapale pa felemu, ndipo kakalowa mu mpata sikatuluka mwaulemu.

Palani gasket ndi guluu wakale ndi tchizulo kapena lezala mpaka chitsulo chioneke, pomwe pamakhala koni ndi pomwe pamakhala spider. Acetone amafewetsa guluu wouma; gwirani ntchitoyi pamalo popita mphepo, kutali ndi moto. Kachibuluma ka guluu kotsala pansi pa spider kamapendeketsa koyilo, ndiye yendetsani chala kuti mumve ngati pasalala.

Kutsuka mpata ndi pomwe pamafunika kudekha. Kulungani tepi ya pepala pa kachidutswa ka pulasitiki kopyapyala, mbali yomata ili kunja, lowetsani mu mpata n'kuzungulira. Sinthani tepi, bwerezani, mpaka ituluke yoyera kawiri motsatizana. Unikani ndi tochi. Mpweya wopopa umachotsa fumbi ndi zidutswa za vanishi wopsa, koma tizitsulo sumatichotsa, timangosamukira pena. Ngati muli dzimbiri, likhuleni ndi kapepala ka sandipepa wosalala kwambiri, kenako tepi kachiwiri. Sipika yovalitsidwa koni yatsopano ikamalira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo, kawirikawiri vuto linayambira pa siteji imeneyi.

Tsopano ma shim. Ntchito yawo ndi kukhala pakati pa chitsulo chapakati ndi mkati mwa koyilo, kuti koyilo iume ili pakatikati. Ayenera kugwira moti koyilo iime pomwe mwaisiya koma muthe kuisuntha ndi zala. Omwe amabwera m'kitiyi ndi a makulidwe amodzi okha, pamene mipata ya masipika akale imasiyana pang'ono malinga ndi chaka komanso dzimbiri. Akakhala opyapyala koyilo imaseweramo n'kuuma mopendekera. Akakhala okhuthala amaitambasula kuti isakhalenso yozungulira bwino. Kiti yabwino ikanaikamo makulidwe atatu. Konzekerani kudula anu kuchokera ku pulasitiki wopyapyala wa makulidwe osiyanasiyana, ndipo muwayike mozungulira monse, osati mbali ziwiri zokha. Asiyeni atalike kuti mudzathe kuwakoka.

Kwa amene watenga kiti ya zidutswa, msinkhu wa koyilo upimidwe, osati kungoganizira. Pakati pa waya wokulungidwa payenera kulingana ndi pakati pa chitsulo chapamwamba cha maginito. Ngati waya wakulungidwa kutalika mamilimita 11 ndipo chitsulocho n'chokhuthala mamilimita 8, waya utuluke mamilimita 1.5 pamwamba ndi 1.5 pansi. Lembani mzere ndi pensulo mkati mwa koyilo molingana ndi nsonga ya chitsulo chapakati kuti muone ngati yasuntha. Koyilo ikakwera kwambiri sipika imachepa mphamvu ndipo mawu amasweka msanga mbali imodzi. Ikatsika kwambiri imagunda pansi mukamenya nsambo zikuluzikulu. Kapepala ka malangizo kamangoti muyike koyilo pamalo pake, osatchula nambala iliyonse, ndipo pamenepa opanga kitiyi analephera.

Yesani kuyika zonse popanda guluu kaye. Timawaya ta koyilo tiloze komwe kuli ma terminal. Zikakhala bwino, matani spider pa felemu, spider pa koyilo, m'mphepete mwa koni pa felemu, kenako khosi la koni pa koyilo.

Guluu wa m'kitiyi ndi wabwino pomata pepala pa chitsulo ndi pa kachipewa, koma ndi wochepa moti mukalakwitsa kamodzi watha, ndipo pa khosi ndi wofewa. Pa khosi ndi pomwe mphamvu yonse ya koyilo imadutsira kupita ku koni, ndiponso ndi pomwe pamatentha. Gulani epoxy wa zigawo ziwiri, wouma pa mphindi 30. Wa mphindi 5 amakuthamangitsani musanawongole. Kamzere kamodzi kopyapyala kosaduka kozungulira khosi n'kokwanira. Kuunjika sikulimbitsa, kumangolemeretsa malo omwe amapanga mawu apamwamba, sipika n'kuyamba kulira mogonthomala. Super glue wamadzimadzi musamuyandikitse, chifukwa dontho limodzi likatsetserekera mu mpata limamata shim ndi koyilo pamodzi.

Matani gasket, tembenuzani sipika chafufumimba pa thabwa losalala kuti kulemera kwa maginito kupanikize, kapena gwiritsani ntchito timapanilo tambiri kuzungulira. Dikirani maola 24 ma shim ali momwemo. Kenako boolani timabowo tiwiri pa koni, lowetsani mawaya oluka, wotchererani ku timawaya ta koyilo, ndipo timawayato timatidwe pa koni kuti tisanjenjemere. Waya woluka usiyiridwe kauta kakang'ono. Ukakhala wokungika umakoka koni mbali imodzi n'kuduka posakhalitsa, ukatalika kwambiri umamenya koni n'kumveka tchetchetche. Powotcherera musachedwe ndi moto, chifukwa mtovu ukakwera mu ulusi wa wayawo umauumitsa, ndipo umadzathyokera pomwepo.

Kokani ma shim, kankhani koni ndi zala, mverani. Musanamate kachipewa, lowetsani mawu oyesera kuyambira 20 Hz mpaka 200 Hz pa ma volt 2 kapena 3. Foni ndi ampu yaing'ono zimakwanira. Kukhula kukamveka tsopano mpata ukadali wotsegula ndipo mungathe kuunika. Kachipewa ndi komaliza.

Mawu ake

Tsiku loyamba sipikayo imalira mouma, besi yochepa, pamwamba pobaya m'makutu. Spider ndi m'mphepete mwa koni zimakhala zisanafewe. Pakatha maola 20 kapena kuposerapo ikuimba mokweza bwino, imakhazikika, ndipo ndi pomwe mungaiweruze. Ikafewa, kitiyi imapereka mawu apakati ofanana ndithu ndi a banja la G12, okwanira pa siteji ndi pojambula. Koma mukaiyika pafupi ndi inzake ya koni yoyambirira n'kulozetsa maikolofoni, kusiyana kumamveka: yatsopano ndi yowala komanso yolimba. M'kabati ya masipika anayi khutu la omvera silingaitole, koma wojambula adziwe kuti ili pakona iti.

Dziwaninso kuti koyilo yolimba si chitsimikizo chakuti sipika ya mawati 25 yasanduka ya mawati 60. Koni ndi maginito zikadali za msinkhu womwewo.

Pobwezera m'kabati

Funsani kaye chomwe chinapha sipikayo. Masipika anayi a mawati 25 amapanga mawati 100, koma ampu ya ma valve yolembedwa mawati 100 ikatsegulidwa mpaka mawu kusweka imatulutsa kuposa pamenepo. Ngati ampu ndi ya ma transistor, pimani ma volt a DC potulukira mawu sipika isanalumikizidwe. Ayenera kukhala pafupi ndi ziro, osapitirira ma millivolt 50 kapena chapompo. Transistor yakufa imatumiza magetsi a DC molunjika mu koyilo, ndipo yatsopanoyo ingapse m'masekondi ochepa. Pa ampu yomwe makina ndi sipika zili m'bokosi limodzi, musalowetse dzanja m'kati mwa chasisi: ma capacitor akuluakulu amasunga ma volt opitirira 400 ngakhale mutazula pulagi.

Tsimikizani polarity, kutanthauza mbali ya + ndi ya -, pogwiritsa ntchito batire. Mbali ya + ya batire ikagunda terminal ya +, koni ituluke kunja. Yesani sipika iliyonse m'malo mokhulupirira utoto wa pa terminal, chifukwa masipika akale a JBL ankayenda mosemphana ndi ena, komanso pa yomwe mwakonzayo n'kutheka munasinthanitsa mawaya. Chofunika n'chakuti onse asunthire mbali imodzi. Imodzi ikasemphana, besi imasowa ndipo ambiri amanamizira kiti.

Mawaya abwerere momwe analili. Masipika anayi a ma ohm 16 akalumikizidwa awiriawiri mu series (motsatizana) kenako magulu awiriwo mu parallel (+ ku +, - ku -) amapereka ma ohm 16. Onse anayi mu parallel amapereka ma ohm 4. Pimani pa jaki musanayatse: kabati ya 16 iwerenge cha m'ma 12 kapena 13. Ikawerenga kuwirikiza kawiri, gulu limodzi silinalumikizike. Ampu ya ma valve isayatsidwe n'kuimbidwa popanda sipika, chifukwa thiransifoma yotulutsa mawu imatha kupsa, ndipo pa ampu yakale chimenecho ndiye chida chovuta kupeza kuposa sipika.

Felemu za masipikawa ndi zachitsulo chopyapyala chodindidwa. Mangani masikuluu modumphadumpha, ya kumtunda kenako ya kumunsi, ya kumanja kenako ya kumanzere, mpaka gasket ingoyamba kupanikizika. Mukatha kankhaninso koni. Ngati ikukhula pamene pa benchi inali bwino, thabwa ndi lokhota kapena sikuluu ina yamangidwa kwambiri.

Kitiyi ikuyenera munthu yemwe ali ndi sipika wamba yakupsa, mita, manja odekha ndi masiku awiri. Woyamba kumene aphunzirire pa sipika yotchipa, osati pa Greenback (G12M) ya 1968 kapena Jensen P12N ya maginito a alnico. Zimenezo apereke kwa katswiri yemwe ali ndi makoni a mitundu yambiri ndi makina obwezera mphamvu ya maginito, popeza alnico amatha kufooka akazunzidwa nthawi yaitali. Ndipo ngati sipika ya m'kabati yanu si yosowa konse, phatikizani mtengo wa kiti, epoxy, acetone ndi kutumiza, muyerekeze ndi mtengo wa sipika yatsopano ya mtundu womwewo. Nthawi zambiri kusiyana kwake n'kochepa, ndipo yatsopanoyo imabwera ndi waranti, yomwe kiti ilibe mukangoipaka guluu.